Mafuta a m'Magazi a Nyama ya Bere

Dzina la Johannesburg, mzinda umene anthu ambiri amaucha Joni, limakumbutsa omvera za migodi ya golidi ndi za abale amene anapita kukagwira nchito kumeneko. Koma mumzinda womwewo munacitikanso nchito yina imene siinamveke m'midzi, ngakhale ikhudza khola la munthu ali yense woweta mbuzi, nkhosa, ng'ombe kapena bulu. Nchitoyo inali ya kupima magazi a nyama za bere, ndi kuona zimene mafuta amacita m'thupi mwa mai pamene mwana alikukula m'mimba. Nkhani ino ifotokoza zimene zinapezeka, ndi cifukwa cace mbuzi imene yatsala pang'ono kuswa ingathe kufa itasowa cakudya masiku owerengeka okha, pamene tonde wa m'khola lomwelo apirira njala yomweyo osadwala konse.

Anyani a pa Sukulu ya Madotolo

University of the Witwatersrand inakhazikitsidwa m'caka ca 1922. Sukulu yace ya madotolo, imene masiku aja inali pa Hospital Hill pafupi ndi cipatala cacikulu ca mzindawo, inasunga gulu la anyani zaka zambiri. Anyaniwo anali a mtundu wochedwa chacma, umene upezeka ku South Africa, ku Zimbabwe ndi kummwera kwa Zambia, ndipo ndi abale a anyani aja amaononga cimanga m'minda ya ku Malawi. Amene anatsogolera nchito ya kuwaphunzira anali Joseph Gillman ndi Christine Gilbert.

Anasankha nyani cifukwa thupi la nyani wamkazi limayenda mofanana ndi la munthu wamkazi. Nyani amasamba monga mkazi, kamodzi pa masiku ngati 35, ndipo khungu la kumbuyo kwace limatupa ndi kuphwa motsata masikuwo, kotero kuti munthu woyang'anira angathe kudziwa ndi maso nthawi imene nyaniyo watenga bere. M'caka ca 1946 Gillman ndi Gilbert anafalitsa zimene anaona pa masiku a anyani akazi, ndipo m'caka ca 1951 anafalitsa za bere lao, limene limakhala masiku ngati 187, ndiko kuti miyezi isanu ndi umodzi ndi masiku pang'ono. Podziwa tsiku limene bere linayamba, kunali kotheka kutenga magazi a nyani mmodzi yemweyo mwezi ndi mwezi, ndi kuona m'mene alikusinthira. M'caka ca 1957 A. van Zyl, wa pa sukulu yomweyo, anafalitsa zimene anapima za mafuta a m'magazi a anyani a bere ndi oyamwitsa.

M'mene Mafuta Amayendera m'Magazi

Kuti zimene anapezazo zimveke, kuyenera kuyamba kwafotokozedwa m'mene mafuta amayendera m'thupi. Mai ali yense wophika adziwa kuti mafuta sasanganikirana ndi madzi, amayandama pamwamba. Magazi naonso ali madzi pa gawo lao lalikulu. Cifukwa cace thupi silitaya mafuta m'magazi cisawawa, koma limawamanga m'timitolo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi cikuto cimene cimagwirizana ndi madzi. Matumbo amamanga timitolo ta mafuta ocokera m'cakudya, ndipo ciwindi cimamanga tina ta mafuta amene thupi lapanga lokha.

Mafuta a m'magazi ali a mitundu ingapo, koma itatu ndiyo yofunika pa nkhani ino. Mtundu woyamba ndi triglyceride, mafuta enieni aja aoneka oyera pa nyama yonona. Amenewa ndiwo nkhuni za thupi, ndipo apatsa mphamvu yoposa kawiri imene shuga wolemera cimodzimodzi angapatse. Mtundu waciwiri ndi cholesterol. Ameneyu thupi silimuotcha ai, koma limamangira zikuto za tizigawo tating'ono ta mnofu ndi ubongo, ndiponso ndiye amene thupi limapangira mahomoni ena, monga aja amasunga bere kuti lisacoke. Mtundu wacitatu ndi tizidutswa ta mafuta timene timatuluka m'malo osungira pamene nyama yasowa cakudya, ndi kupita m'magazi kukaochedwa m'mnofu ndi m'ciwindi.

M'mitsempha yaing'ono ya magazi muli cinthu cina cochedwa lipoprotein lipase, cimene cimagwira nchito ya mlonda wa pakhomo. Timitolo ta mafuta tikamapita, ico cimatimasula ndi kulowetsa mafutawo m'ciwalo cimene cirimo. Ciwalo cimene mlondayu ali wacangu cimalandira mafuta ambiri; kumene wafooka, timitoloto timangopitirira ndi kuculuka m'magazi.

Nyama Sizifanana

Madotolo a ku Ulaya anadziwa kale m'zaka za m'ma 1840 kuti madzi a magazi a mkazi wapakati nthawi zina amaoneka otuwa monga mkaka wosungunula, ndipo Rudolf Virchow wa ku Germany anaonetsa kuti cimene cimawatuwitsa ndi mafuta. M'caka ca 1934 Eldon Boyd anapima bwino kukwera kwa mafutawa mwa akazi apakati. Lero cidziwika kuti pofika mwezi wotsiriza, triglyceride wa m'magazi a mkazi amaculuka kawiri kapena katatu, ndipo cholesterol amakwera ndi magawo 25 kufikira 50 pa magawo 100 ali onse.

Munthu akadayembekezera kuti nyani, amene afanana ndi munthu pa zambiri, acitenso cimodzimodzi. Koma kupima kwa ku Johannesburg, pamodzi ndi kwina kumene kunatsatira m'maiko ena, kunaonetsa kuti mwa nyani wa bere cholesterol amatsika m'malo mwa kukwera. Kalulu nayenso amacita motero: cholesterol wace amatsika kwambiri bere likamakula. Khoswe amatsata njira ya munthu pa triglyceride, pakuti masiku otsiriza a bere lace magazi ace amadzala mafuta. Ng'ombe ikayandikira kuswa, cholesterol wace amatsika, koma tizidutswa tija tocokera m'malo osungira timaculuka.

Phunziro loyamba ndi limeneli: nyama imodzi siingakhale muyeso wa nyama zonse. Ciwerengero cimene ciri cabwino mwa mkazi cingakhale cizindikiro ca nthenda mwa bulu, ndipo cimene caoneka mwa khoswe wa m'nyumba yoyesera sicingaikidwe pa nkhosa popanda kuipima nkhosayo. Komabe pansi pa kusiyana konseku pali dongosolo limodzi limene nyama zambiri zoyamwitsa zimatsata.

Masika ndi Cirimwe ca m'Thupi

Bere liri ndi nyengo ziwiri, monga caka ca mlimi. Nyengo yoyamba ndi ya kututa. M'miyezi yoyamba ndi ya pakati mwana ali wamng'ono ndipo safuna zambiri, koma mai amadya bwino, ndipo insulin, homoni imene imalowetsa shuga m'mnofu ndi kusandutsa wotsala kukhala mafuta, imagwira nchito yace mosabvuta. Mlonda uja wa m'malo osungira ali wacangu. Potero thupi limadzaza nkhokwe yace: pansi pa khungu, m'ncafu, pamimba ndi pozungulira impso. Mkazi wodya mokwanira amasunga makilogalamu 3 kapena 4 a mafuta pa nthawi imeneyi.

Nyengo yaciwiri ndi ya kutapa m'nkhokwe. Pa gawo lotsiriza la bere mwana amakula msanga, ndipo cakudya cace cacikulu ndi shuga wa m'magazi a amace. Nsengwa, ciwalo cija cimalumikiza mwana ndi mai ndi kutuluka pambuyo pace pobadwa, imatulutsa mahomoni amene amacititsa mnofu wa mai kusamvera insulin monga kale. Mnofuwo umaleka kutenga shuga wambiri, ndipo shugayo amatsalira mwana. M'malo mwace mai amayamba kuocha mafuta ace. Nkhokwe imatseguka, tizidutswa ta mafuta timathamangira ku ciwindi, ndipo ciwindi cimamanga tina m'timitolo ndi kutibwezera m'magazi. Pa nthawi yomweyo mlonda wa m'malo osungira amafooka, koma masiku a kubereka akayandikira, mlonda wa m'mawere amadzuka ndi kuyamba kukokera mafuta kumeneko, kuti mkaka ukhale wokonzeka mwana akangobadwa.

Mwacidule, mai amadya mafuta kuti mwana adye shuga. Dongosolo limeneli ndi labwino pamene cakudya ciripo tsiku ndi tsiku. Koma liri ndi coopsa cace. Norbert Freinkel, dotolo wa ku Chicago, anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 ndi pambuyo pace kuti thupi la bere likasowa cakudya limafika msanga pamene thupi lina likadafika litakhala ndi njala nthawi yaitali, ndipo anacha cimeneci njala yofulumira. Mwana sadziwa kuti amace sanadye. Iye amangotengabe shuga usana ndi usiku.

Cimene Mwana Amalandira

Timitolo ta mafuta sitipita kwa mwana tathunthu. Nsengwa imayamba yatimasula, ndipo imalola tizidutswa tokha kuoloka. Pamenepanso nyama zimasiyana. Nsengwa ya kalulu ndi ya mbira imaolotsa mafuta mosabvuta; ya munthu imasankha makamaka mafuta ena ofunika pomanga ubongo ndi maso; ya nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe imaolotsa ocepa kwambiri. George Popják, amene anagwira nchito ku London m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anaonetsa poyesa akalulu kuti mwana wa m'mimba amatha kudzipangira yekha cholesterol ndi mafuta ena.

M'caka ca 1950 Elsie Widdowson wa ku Cambridge anafalitsa kuculuka kwa mafuta m'matupi a ana obadwa kumene. Mwana wa munthu anali ndi magawo 16 pa 100, wa mbira magawo 10, koma wa nkhumba ndi wa khoswe gawo limodzi lokha. Mwana wa nkhosa naye amabadwa ndi mafuta ocepa, magawo awiri kapena atatu, ndipo ambiri a iwo ndi mafuta ofiirira a pa impso, amene nchito yao ndi kufunditsa thupi maora oyamba. Ici ndico cifukwa cace kamwana ka nkhumba kapena ka mbuzi kakacedwa kuyamwa usiku wozizira kamafa msanga: kalibe nkhokwe yaceyace. Ndipo mai wace akakhala kuti anasowa cakudya pa mapeto a bere, mafuta ofiirirawo amacepa, ndi mkaka woyamba wacikasu uja umacepanso.

Nthenda ya Kupusa kwa Nkhosa

Johannesburg ali pa dziko lokwera, mamita ngati 1,750 pamwamba pa nyanja yamcere. Kuyambira May kufikira August cisanu cimapsereza msipu wa kumeneko, ndipo udzu wotsala ulibe mphamvu. Alimi a ku South Africa anadziwa kale nthenda ya nkhosa za bere imene m'cinenero ca Afrikaans amaicha domsiekte, ndiko kuti nthenda ya kupusa. Madotolo a ziweto a ku Onderstepoort, malo oyesera nthenda za ziweto amene anatsegulidwa m'caka ca 1908 kumpoto kwa Pretoria, anaiphunzira ndi kufalitsa zopeza zao m'caka ca 1941. Anaona kuti nthendayi ingathe kuyambitsidwa mwa kungocepetsa mwadzidzidzi cakudya ca nkhosa zonenepa za bere lalikulu. Siyopatsirana, ndipo palibe kacirombo kamene kamaibweretsa.

Ciyambi cace ndi ici. Nkhosa ndi mbuzi ndi nyama zobzikula. Udzu umene zimadya umayamba wasasa m'cifu cacikulu, kotero kuti shuga wolowa m'magazi kucokera m'matumbo ndi wocepa. Pafupifupi shuga yense ciwindi cimacita kupanga. Bere lao limakhala miyezi isanu, masiku ngati 150, ndipo magawo ngati 70 pa 100 a kukula kwa mwana amacitika m'masabata asanu ndi limodzi otsiriza. Pakakhala mapasa, kufunika kwa shuga kumakula kwambiri, ndipo anawo amapanikiza cifu, kotero kuti mai sangathe kudya udzu wambiri pa nthawi yomwe aufunitsitsa.

Cakudya cikacepa, shuga wa m'magazi amatsika ndipo nkhokwe ya mafuta imatseguka yonse. Mafuta amafika ku ciwindi ambiri koposa amene cingathe kuocha kapena kutumiza kwina, pakuti ciwindi ca nyama zobzikula cimacedwa kumanga timitolo tija. Ena amangounjikana momwemo, ndipo ena amaochedwa mosatha ndi kusanduka zinthu zochedwa ketone. Ketone pang'ono ndi cakudya ca thupi, koma akaculuka amaononga magazi ndi kupha cilakolako ca kudya. Nyama ikaleka kudya, mafuta enanso amatuluka, ndipo nthenda imadzikoleza yokha.

Zizindikiro zace ndi izi: nyama imapatuka pa zinzace, imaima malo amodzi mutu uli m'mwamba kapena woutsamiritsa pa cipupa, siithawa munthu akayandikira, imaoneka ngati yakhungu, imakukuta mano, ndipo nthawi zina mpweya wace umatuluka pfungo lonunkhira mwacilendo. Patapita masiku pang'ono imagona pansi osadzukanso, ndipo zambiri zimene zafika pamenepa zimafa. Poitumbula, ciwindi cimapezeka cotupa, cacikasu ndi cosacedwa kunyenyeka, ndipo m'cibaliro kawirikawiri muli ana awiri kapena atatu. Nyama yoonda ingadwale cifukwa ca njala ya nthawi yaitali. Yonenepa kwambiri ingadwale cifukwa nkhokwe yace ndi yaikulu ndipo imakhuthukira pa ciwindi nthawi imodzi.

Bulu ndi Ng'ombe

Bulu sabzikula, ndipo ciwindi cace cimamanga timitolo ta mafuta mwacangu. Cifukwa cace bvuto lace limaonekera m'magazi. Bulu wamkazi, amene bere lace limakhala pafupifupi caka cathunthu, akaleka kudya pa mapeto a bere kapena poyamwitsa, magazi ace amadzala mafuta kotero kuti akatengedwa m'kabotolo ndi kudikha, madzi ace amaoneka oyera monga mkaka. Ciwindi ndi impso zimaonongeka, ndipo abulu ambiri odwala motere amafa. Bulu ndi nyama yosaonetsa ululu. Amangoima cete ndi kunyambita cakudya osameza. Bulu wa bere amene wakana cakudya tsiku limodzi afunika dotolo wa ziweto tsiku lomwelo.

Pa ng'ombe, imene bere lace ndi la miyezi isanu ndi inai, nthawi yoopsa ndi masabata a kuswa ndi oyamba a kukama. Ng'ombe za mkaka wambiri, monga zimene zimawetedwa m'makola ku Bvumbwe ndi malo ena a ku Thyolo, zimatulutsa mkaka woposa cakudya cimene zingathe kudya, ndipo zimatapa m'nkhokwe ya thupi. Imene yafika pa kuswa iri yonenepa kopambana ndiyo imagwidwa msanga ndi mafuta a m'ciwindi, mkaka wace ndi kutsika.

Zimene Mwini Ziweto Ayenera Kucita

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe nthawi za njala ya ziweto ziri ziwiri. Yoyamba ndi cirimwe, kuyambira September kufikira mvula yoyamba, pamene msipu wauma kapena wapsa ndi moto wa m'chire. Yaciwiri ndi dzinja, m'midzi imene mbuzi zimamangidwa pa cingwe kuti zisadye mbeu; mbuzi ya bere yomangidwa malo amodzi tsiku lonse ingakhale ndi njala pakati pa dziko lobiriwira.

Mwini ziweto ayenera kudziwa mwezi umene nyama yace inakweredwa, kuti awerenge masabata asanu ndi limodzi otsiriza. Pa masabata amenewo aipatule ndi kuionjezera cakudya campamvu cosadzaza mimba: gaga, zotsala za mtedza, makoko ndi masamba a nandolo, zipatso za nsangu zimene zimagwa m'cirimwe, kapena zotsala za mpendadzuwa atafinya mafuta. Ayambe ndi dzanja limodzi pa tsiku ndi kuonjezera pang'onopang'ono, pakuti gaga kapena cimanga cambiri coperekedwa mwadzidzidzi cimasasitsa cifu ndi kupha nyama. Madzi akhalepo masiku onse. Nyama ya bere lalikulu isayendetsedwe ulendo wautali, isatsekeredwe tsiku lonse yosadya podikira dibi kapena msika, ndipo bulu wotere asamangidwe pa ngolo. Mano ndi njoka za m'mimba ziyang'anidwe bere lisanakule. Popapasa msana wa nyama pamwamba pa ciuno, mapfupa amveke koma asabaye dzanja; akasowa konse pansi pa mafuta, nyamayo yanenepa mopitirira, ndipo nthawi yoicepetsera thupi ndi isanatenge bere, osati pa mapeto pace.

Nyama ikayamba kupatuka ndi kukana cakudya, mlangizi wa ziweto aitanidwe isanagone pansi. Pali mankhwala akumwetsa, monga propylene glycol, amene ciwindi cimasandutsa shuga, ndipo dotolo angathe kulowetsa shuga m'mtsempha kapena kucotsa ana kuti apulumutse mai. Thandizo limeneli limagwira nchito likafika msanga. Likacedwa, kawirikawiri mai ndi ana omwe amatayika.

Za Amai Oyembekezera

Kwa mkazi wapakati, kukwera kwa mafuta a m'magazi pa miyezi yotsiriza si nthenda ai. Ndi nchito ya thupi, ndipo mafutawo amatsikanso m'masabata ndi miyezi yotsatira kubereka. Koma njala yofulumira ija imamgwira iyenso. Mai wopita kumunda mamawa osadya kanthu, ndi kudzalawa nsima madzulo, amakakamiza thupi lace kuocha mafuta mopitirira. Mwambo wa kucepetsa cakudya kuti mwana abadwe wamng'ono umafooketsa mai ndi mwana yemwe. Kudya pang'ono kangapo pa tsiku, pamodzi ndi nyemba, mtedza, usipa ndi ndiwo zamasamba, ndi kupita ku sikelo pa masiku ace, ndiyo njira yoyenera.

Anyani a pa Hospital Hill anathandiza kuonetsa kuti nyama iri yonse iri ndi muyeso wacewace wa mafuta a m'magazi, ndipo nkhosa za ku Onderstepoort zinaonetsa cimene cimacitika nkhokwe ya thupi ikatsegulidwa ndi njala pa nthawi yolakwika. Kwa munthu wa mbuzi zisanu, nzeru yonseyi ikwanira m'thumba limodzi la gaga losungidwa pa masika. Mbuzi ya mapasa ikafa m'October, zimene zatayika ndi mbuzi zitatu. Ndipo cimene cikadaipulumutsa ndi dzanja limodzi kapena awiri a cakudya tsiku ndi tsiku, pa masabata asanu ndi limodzi okha.